Mbaula ya gasi ya moto waukulu yophikira karili (curry): mmene mungasankhire osataya ndalama

Funso ili ndaliyankha pakamwa, pa foni ndi pa WhatsApp mpaka pakamwa pauma, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti wofunsa aliyense ndizingomulozera pano. Limabwera motere: “Ndikufuna mbaula ya gasi ya moto wamphamvu yoti ndiziphikira karili ngati wa m’malo odyera a amwenye, ndigule iti?” Ambiri pofunsa amakhala ataiona kale ina m’sitolo ku Tete kapena ku Moatize, yakuda, yolemera, wogulitsa atawauza kuti imawiritsa ndowa ya madzi munthu asanamalize kusenda anyezi. Amangofuna ndiwavomereze.

Yankho lalifupi ndi ili. Ngati mukuphikira banja ndi alendo a apo ndi apo, gulani mbaula ya pakati pa 5 ndi 8 kW (kW ndi muyezo wa mphamvu ya moto), ya pulesha yotsika, yokhala ndi mphete za moto ziwiri kapena zitatu, mphete iliyonse ndi kampopi kake. Koma mbaula payokha siphika. Imadalira redutor (kachipangizo kotsitsa kupanikizika kwa gasi), paipi, botija (silinda ya gasi) ndi poto, ndipo chimodzi mwa zimenezi chikasemphana ndi zinzake, mbaula yodula imapereka moto wofooka, wamwaye, nthawi zina woopsa. Choncho musalumphe gawo 4 ndi gawo 8, ngakhale ndi otalika.

1. Yambani ndi karili, mbaula ibwere pambuyo

Karili amafuna moto wa mitundu iwiri. Poyamba pamafunika waukulu: kukazinga anyezi wambiri mpaka afiire, kuponyamo nyama kuti igwire mtundu, kuumitsa madzi a tomato mpaka mafuta alekane ndi msuzi n’kuyandama m’mphepete mwa poto. Apa ndi pamene mbaula wamba ya m’khitchini imagonja. Ponyani makilogalamu awiri a nyama ya mbuzi mu poto amene ali pa moto wa 2 kW muone. Poto amazizira nthawi yomweyo, nyama imatulutsa madzi, ndipo m’malo mokazingika imayamba kuwira m’madzi ake omwe, yotuwa. Mukadikira kuti madziwo aphwe, anyezi wasungunuka kale. Kukoma kwa nyama yofiira m’mbali simungakubwezenso ndi zokometsera, kaya muthire zochuluka bwanji.

Zimenezi zimatenga mphindi 15 kapena 20 basi. Nthawi yonse yotsala karili amafuna moto waung’ono, woti msuzi uzingophethira, osabwata. Mbuzi ya kuno, yokulira pa masau ndi malambe ku Changara kapena ku Marara, ndi yokoma koma sifewa msanga, imafuna ola ndi theka kapena maola awiri. Nkhuku yachikuda chimodzimodzi. Karili wa nsinjiro ndiye wosachedwa kukhumudwa, chifukwa nsinjiro zimakhazikika pansi n’kugwira poto, ndipo zikangopserera pang’ono fungo limalowa msuzi wonse. Mkaka wa kokonati ukawira mwaukali umadukaduka. Zokometsera zaufa, monga chikasu, tsabola, cominho (cumin) ndi coentro (coriander), zimapserera m’masekondi ochepa pa mafuta otentha kwambiri, kenako karili yense amawawa.

Ndiye funso loyamba kwa wogulitsa lisakhale lakuti moto wake umakwera mpaka pati. Funsani kuti umatsika mpaka pati osazima.

Za m’malo odyera zija ndinenepo pang’ono. Wophika wa kumeneko nthawi zambiri amaphika mbale imodzi pa nthawi, m’chiwaya chopyapyala, nyama ataiwiritsa kale m’mawa, msuzi wa anyezi uli kale mu poto wamkulu pambali. Moto waukulu umangomuthandiza kuumitsa msuziwo msanga kuti ugwire m’mbali mwa chiwaya n’kukoma. Pamwamba pake pali chokoka utsi. Mukafuna kuphika chotero kunyumba, 5 kW imakwana bwino pa chiwaya chimodzi.

2. Phunzirani kuwerenga manambala a pa katoni

Mphamvu ya mbaula imalembedwa m’njira zinayi, malinga ndi kumene yachokera. Kiyi wake ndi uyu: 1 kW ndi pafupifupi 3,400 BTU pa ola, kapena 860 kcal pa ola, ndipo imadya magalamu a gasi pafupifupi 73 pa ola. Choncho mbaula yolembedwa 17,000 BTU ndi ya 5 kW. Yolembedwa 580 g/h ndi ya 8 kW. Kuti muone kusiyana kwake, pa fogão (chitofu cha gasi) wamba wa malo anayi, malo ang’ono amapereka 1 kW, apakati pafupifupi 1.7 kW, aakulu pafupifupi 3 kW.

Nambala ya magalamu ndi imene imakhudza thumba lanu. Botija ya makilogalamu 11, mbaula itatsegulidwa mpaka kumapeto, imatha maola pafupifupi 30 pa 5 kW, maola 15 pa 10 kW, ndipo pa 20 kW sifika maola 8. Tengani mtengo umene mwasinthira botija mwezi uno, mugawe ndi maolawo, mudziwa kuti ola lililonse la moto waukulu likukudyerani mametikali angati. Kwa amene ali ku Furancungo, ku Domue kapena ku Tsangano, onjezanipo ya ulendo wokasinthitsa.

Chenjezo: pa makatoni ena manambala amangolembedwa kuti katundu ayende malonda. Mbaula yopepuka, ya kamphete kamodzi kotambalala masentimita 10, yolembedwa 50,000 BTU koma yogwira pa redutor wamba, ikunama. Mukafika nayo kunyumba mutha kuiyesa. Thirani malita 5 a madzi a pampopi mu poto wotambalala, vundikirani, tsegulani moto wonse pamalo opanda mphepo. Mbaula ya 5 kW yeniyeni imawiritsa madziwo m’mphindi 10 mpaka 13. Zikafika 20, mwina katoni inanama, mwina redutor ndi wolakwika.

3. Sankhani mtundu

M’masitolo mupeza mitundu itatu.

Woyamba ndi mbaula za patebulo za malo awiri, zina za galasi pamwamba. Zabwino zake zimafika 3 kapena 4 kW pa malo amodzi, ndipo kwa anthu awiri kapena atatu zimakwana. Koma timiyendo take ndi tofooka, ndipo ya galasi ndi poto wamkulu sizigwirizana: poto wotambalala amabweza kutentha pansi, galasi limatha kusweka.

Wachiwiri ndi umene ndikukulimbikitsani: mphete za chitsulo chakuda cholemera, chimene m’sitolo amati ferro fundido, zogwira pa pulesha yotsika, baixa pressão. Ogulitsa ambiri amazitchula fogão industrial kapena queimador. Pali ya mphete imodzi, ziwiri, zitatu mpaka zinayi. Ubwino wake wonse uli pa timipopi. Pokazinga mumatsegula mphete zonse, pofewetsa nyama mumazimitsa zakunja n’kusiya kamkati kokha, nako mutachepetsa. Mbaula ya mphete ziwiri koma kampopi kamodzi isakupusitseni, imeneyo moto wake wotsikitsitsa umakhalabe waukulu. Werengani timipopi, osati mphete.

Wachitatu ndi wa pulesha yokwera, alta pressão. Umadziwika ndi kulira kwake ukayaka, ndipo mphamvu yake imatha kufika pa 15 kW ndi kupita m’mwamba. Ndi wa anthu okazinga tchipisi pamsewu, ophikira ukwati, maliro kapena msonkhano wa mpingo, mapoto a malita 50. Ntchito imeneyo umaigwira bwino kwambiri. Koma kuugula kuti muziphikira anthu asanu kuli ngati kulowetsa thalakitala m’bedi la anyezi. Ukachepetsedwa kwambiri umazima kapena umachita chikasu, ukasiyidwa pakati umapsereza nsinjiro, ndipo m’nyumba suyenera kuyatsidwa n’komwe.

Muli m’sitolomo, inyamuleni mumve kulemera. Itembenuzeni muyang’ane ming’alu, makamaka pamene paipi yachitsulo ikulumikizana ndi mphete. Yang’anani timabowo ta moto ngati tonse tili tobooka bwino, chifukwa pa zotsika mtengo tina timakhala totsekeka ndi penti kapena mchenga wa kofulira. Timipopi tikhale ta mkuwa, tozungulira mosalala, tosagwedera. Mukapeza yokhala ndi kachitsulo kotseka gasi moto ukazima, kamene amati termopar, ilipireni ngakhale ikwereko mtengo. Ndipo nenani mwaulemu koma mosabwerera m’mbuyo: “Achimwene, tayiyatsani tione.” Akayatsa, musatengeke ndi lawi lalikulu. Auzeni azimitse mphete zakunja, achepetse yamkati mpaka pansi, inu mupepese dzanja pambali pake. Lawi likangoti phu n’kuzima, imeneyo idzakuzimirani pansi pa poto inu muli pa khonde, gasi akutuluka.

4. Gwirizanitsani mbaula, redutor, paipi ndi botija

Apa ndi pamene ambiri amagwa, ndipo ogulitsa sakambapo chifukwa redutor amagulitsidwa pa shelefu ina.

Gasi wa mu botija ndi wosakaniza wa butane ndi propane. Mkatimo amakhala wamadzi, wopanikizika kwambiri, ndipo amasanduka mpweya pamene mukumugwiritsa ntchito. Redutor, amene anzathu a ku Malawi amati regulator, ndi kachipangizo komangidwa pakamwa pa botija kotsitsa kupanikizikako kuti kufike pa muyezo umene mbaula inapangidwira. Pa redutor aliyense wabwino pamalembedwa manambala awiri, ndipo onse muwawerenge.

Yoyamba ndi pulesha. Wa pulesha yotsika amalembedwa 28, 29, 30 kapena 37 mbar. Katundu wochokera ku South Africa amalemba 2.8 kPa, zimene ndi 28 mbar yomweyo. Wa pulesha yokwera amalembedwa ma bar athunthu, monga 0 mpaka 2 bar kapena 0 mpaka 4 bar, ndipo amakhala ndi chopotokola pamwamba. Bar imodzi ndi 1,000 mbar, ndiye redutor wa alta pressão atatsegulidwa pa 1 bar akukankha gasi kuposa maulendo 30 poyerekeza ndi wamba. Pa mbaula napo pamakhala kachitsulo kapena kapepala konena pulesha yake. Manambala awiriwa afanane. Ngati pa mbaula palibe cholembedwa chilichonse ndipo wogulitsa akungoti “aliyense amagwira”, isiyeni.

Mukasemphanitsa zimachitika ndi izi. Mbaula ya alta pressão pa redutor wamba imapereka kalawi kaulesi, kachikasu, kodetsa poto, chifukwa jeti yake, kabowo kotulukira gasi, ndi yaing’ono ndipo gasi alibe liwiro lokokera mpweya. Mwini wake amaganiza kuti wagula yabodza. Kusemphanitsa kwinako ndi koopsa: mbaula ya baixa pressão pa redutor wa alta pressão. Lawi limanyamuka kuchoka pa timabowo, limalira, limazima lokha, timipopi timayamba kudontha gasi, paipi imatha kuvuka. Alipo amisiri amene amachita zimenezi dala, amvekere “mayi, ndakuwonjezerani moto”. Musalole.

Nambala yachiwiri ndi kuchuluka kwa gasi amene redutor angadutsitse, nthawi zambiri 1 kg/h kapena 1.5 kg/h. Bwererani ku masamu a gawo 2. Mbaula ya 8 kW imafuna magalamu 580 pa ola, ndiye wa 1 kg/h akukwana. Koma mukalumikiza mbaula ziwiri zotere pa botija imodzi mwadutsa kale malire, ndipo zonse ziwiri zidzafooka.

Kenako jeti, imene amisiri ena amati bico. Ndi kachitsulo ka mkuwa kokhala ndi kabowo kakang’ono kwambiri, kamene gasi amatulukira akadutsa kampopi. Kukula kwa kabowoko ndi kumene kumalamula mphamvu ya mbaula. Zinthu ziwiri muzipewe. Choyamba, mbaula yopangidwira gasi wa m’mapaipi, wolembedwa gás natural kapena NG. Gasi ameneyo, wochokera ku Pande ndi Temane ku Inhambane, alipo m’madera ena a kumwera, koma kuno ku Tete timaphikira wa mu botija, wolembedwa GPL kapena LPG. Jeti ya gás natural ndi yaikulu, ndipo pa botija imatulutsa lawi lalitali, lachikasu, lamwaye. Zimenezi zimachitika kawirikawiri ndi mbaula zogwiritsidwa kale ntchito kapena zooda kunja. Chachiwiri, kukuza kabowoko ndi singano kapena kamsomali kuti moto ukule. Gasi amachulukadi, koma mpweya wosakaniza naye sukwanira, ndiye mumapeza mwaye ndi utsi wapoizoni, botija n’kumatha msanga.

Pakamwa pa botija napo sipafanana. Botija zina zimafuna redutor wongodinikiza mpaka alire kuti “kha”, zina zimafuna wa mazinga. Wa mazingayo nthawi zambiri amamangira kumanzere, mosiyana ndi bawuti wamba, ndipo ambiri awononga mazinga pokakamiza ndi sipanala. Izi zimavuta makamaka ife a m’malire. Munthu wa ku Ulongwe amagula mbaula ndi redutor ku Dedza kapena ku Lilongwe, wa ku Zóbuè amagula ku Mwanza kapena ku Blantyre, wina amatumiza kwa oyendetsa mathiraki ochokera ku Johannesburg, koma botija amasinthitsa kuno. Mbaulayo ilibe vuto ngati pulesha ikugwirizana. Redutor yekha mugule wolingana ndi botija imene mungathe kusinthitsa pafupi ndi kwanu, pokumbukira kuti ogulitsa gasi kawirikawiri amalandira botija za kampani yawo yokha. Tizitsulo tolumikizira tosula pamsika, tokulungidwa ndi tepi, ayi.

Paipi, kapena mangueira, ikhale ya gasi yeniyeni, yolembedwa pulesha yake ndi chaka. Yothirira dimba kapena ya petulo siyenera, gasi amaiumitsa n’kuing’amba. Ya pulesha yotsika musaiike pa redutor wa alta pressão. Kutalika kwake mita imodzi kapena imodzi ndi theka, yokwanira kuti botija italikire moto koma osakwawa pansi poponda anthu. Kumapeto konse kumangidwe ndi abraçadeira, kalamba kachitsulo komanga ndi sikuluu. Waya kapena mphira ya chubu cha njinga si zomangira gasi.

Chotsiriza pa gawo lino ndi botija yeniyeniyo. Gasi wamadzi posanduka mpweya amatenga kutentha kwa chitsulo cha botija. Mukamakoka wambiri kwa nthawi yaitali, botija imazizira, imachita thukuta kunja, nthawi zina mpaka kuyera chisanu m’munsi, ndipo moto umatsika wokha ngakhale gasi alimo. Butane amaleka kusanduka mpweya kukazizira kufika pafupifupi 0 °C, pamene propane amapirira mpaka pafupifupi madigiri 42 pansi pa ziro. Mu mzinda wa Tete zimenezi simudzaziona kawirikawiri pa mbaula ya 5 kW. Koma ku Angónia ndi ku Tsangano m’mawa wa mwezi wa Juni kapena Julayi, botija itatsala pang’ono kutha, mbaula ya 8 kW itatsegulidwa yonse, mudzaziona. Musaigoneke, musaigwedeze, musaithire madzi otentha, musaisendeze kumoto. Botija yogona imatumiza gasi wamadzi mu paipi ndipo lawi limabuka mwadzidzidzi. Chepetsani moto mudikire, kapena ngati mumaphika zambiri nthawi zonse gulani botija yaikulu.

5. Poto ndi choikapo

Mphete yakunja ikhale yocheperako kuposa pansi pa poto, kusiyana kwake masentimita angapo mbali zonse. Mukaika chiwaya chaching’ono pa mphete yaikulu, moto umakwera m’mbali, umawotcha chogwirira ndi dzanja lanu, pakati pa chiwaya pali pozizira. Poto wa masentimita 28 mpaka 34 amayenda bwino ndi mbaula ya mphete ziwiri.

Pa karili, poto wokhuthala pansi ndi wofunika ngati mbaula yomwe. Aluminiyamu wokhuthala kapena chitsulo cholemera zimamwaza kutentha, sefuliya yopyapyala imapsereza pamene lawi lakhudza pokha. Ngati ndalama yachepa, bwererani pa mbaula ya 5 kW, yotsalayo mugulire poto wabwino.

Choikapo chimene chimabwera ndi mbaula nthawi zambiri chimakhala chachifupi. Mukapita kwa owotcherera kuti akupangireni chachitali, tengani mbaulayo ndi poto wanu. Miyendo itagalale kuti poto wodzaza asagwe mwana akagunda, ndipo mtunda wa pakati pa mphete ndi poto ukhale womwewo umene mbaula inabwera nawo. Poto akatsika kwambiri amafinya lawi n’kulimana mpweya, akakwera kwambiri moto umathawira kumbali.

6. Malo ophikira

Mbaula yoposa 5 kW malo ake ndi pa khonde, m’khitchini ya panja kapena m’chipinda chimene zenera ndi chitseko zili zotsegula. Moto ukasowa mpweya umatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m’nyumba yotseka nthawi yozizira. Mukamva mutu kapena chizungulire mukuphika, zimitsani mutuluke.

Gasi wa mu botija ndi wolemera kuposa mpweya. Akadontha sakwera kudenga, amatsikira pansi n’kudzaza m’makona, m’ngalande ndi m’kabati. Choncho botija isakhale m’kabati yotseka kapena pafupi ndi dzenje. Ikhale chilili, pamthunzi. Dzuwa la ku Tete la mwezi wa Okutobala ndi Novembala, pamene kumatentha kupitirira 40 °C, limakweza kupanikizika kwa mkati, ndiye musaisiye padzuwa kapena m’galimoto yotseka magalasi. Pa chifukwa chomwechi botija sadzaza mpaka pakamwa, amasiya malo, ndipo anthu othira gasi kuchoka mu botija ina kupita mu inzake kuseri kwa nyumba muwapewe.

Panja mdani ndi mphepo. Imadya moto waukulu ndipo imazimitsa waung’ono. Tchingani mbali zitatu ndi lata kapena njerwa, koma musatseke pansi pomwe mbaula imapumira, ndipo paipi ndi botija zikhale kunja kwa chotchingacho. Denga la udzu, makatani ndi nsalu zoyanika zitalikire.

7. Kumanga ndi kuyesa ndi sopo

Timipopi tonse tikhale totseka. Lowetsani paipi mpaka kumapeto kwa kamlomo, mangani abraçadeira mbali zonse. Paipi ikavuta kulowa, viikani nsonga yake m’madzi ofunda, osati kuiwamba pamoto. Onani ngati kamphira ka pakamwa pa botija kapena ka redutor kalipo ndipo n’kosang’ambika. Mangani redutor, tsegulani gasi, mbaula isanayatsidwe. Sungunulani sopo m’madzi achite thovu, pakani polumikiza ponse ndi pa timipopi. Pamene thovu likufufuma, pakudontha. Tsekani, konzani, yesaninso. Machesi sayesera gasi. Chitani zimenezi nthawi iliyonse mukasintha botija, ndipo fungo lija la mazira ovunda, limene amathira dala mu gasi, mukalimva tsekani botija, tsegulani zitseko, osakhudza switchi ya magetsi.

Poyatsa, moto uyambe kufika pa mphete, kampopi katsegulidwe pambuyo. Yambani ndi mphete yamkati. Ikakana kuyaka m’masekondi ochepa, tsekani mudikire gasi abalalike. Pozimitsa mukamaliza kuphika, tsekani ku botija kaye kuti wa mu paipi apse, kenako timipopi.

8. Konzani lawi, makamaka laling’ono

Mbaula za ferro fundido zambiri zimachoka m’sitolo zisanakonzedwe mpweya, ndipo mabuku ake, ngati alipo, sanenapo kanthu. Kuseri kwa kampopi kalikonse, pamene jeti ikuloza mu paipi yachitsulo, pali kachitseko kozungulira kapena kotsetsereka, komangidwa ndi kasikuluu. Ndi kamene kamalola mpweya kulowa kuti usakanikirane ndi gasi. Mphete iliyonse ili ndi kake.

Chitani izi madzulo kapena pamthunzi, chifukwa padzuwa lawi labuluu silioneka. Masulani kasikuluu pang’ono, yatsani mphete imodzi yokha, tsegulani moto wonse. Lawi likakhala lalitali, lofewa, la nsonga zachikasu, mpweya wachepa, ndiye tsegulani kachitseko pang’onopang’ono. Mudzaona chikasu chikutha, lawi likufupika, pa kabowo kalikonse pakuima kansonga kabuluu kowala mkati mwa lawi lotuwirako. Mukapitiriza kutsegula, lawi limayamba kulira ndi kunyamuka, mbali zina za mphete n’kumazima. Apo mwapyola, bwezani pang’ono.

Ambiri amalekera pamenepa, koma ntchito ikadalipo. Chepetsani kampopi mpaka pansi. Kachitseko kamene kanali bwino pa moto wonse nthawi zambiri kamakhala kotseguka mopyola pa moto waung’ono, ndipo lawi limazima ndi kaphokoso, kapena limabwerera n’kumayakira mkati mwa paipi yachitsulo, mukumva kulira kwachilendo ndipo kampopi kakutentha. Zikatero tsekani gasi, dikirani izizire, tsekani kachitseko pang’ono, yesaninso. Mukufuna malo amene moto wonse ndi wabuluu ndipo waung’ono ukuima njii. Pa mphete yamkati kondererani moto waung’ono, popeza ndiyo yofewetsera nyama. Pa yakunja kondererani waukulu. Mukakhutira mangani tisikuluu, ikani poto wa madzi, muonenso, chifukwa lawi limasintha likakhala pansi pa poto. Pakatha mphindi zisanu yang’anani pansi pa potoyo. Pakakhala mwaye, mpweya ukadali wochepa.

Timoto tofiirira tothwanima mwa apo ndi apo tisakuvuteni, ndi fumbi likupsa, ndipo a ku Moatize mudzationa tsiku lililonse. Chikasu chodetsa nkhawa ndi chokhazikika pa nsonga. Dziwaninso kuti mbaula yokonzedwa mu mzinda wa Tete, m’chigwa cha Zambezi, ikakwera ku mapiri a Angónia, pamtunda wopitirira mamita 1,000, imafuna kukonzedwanso. Mpweya wa kumtunda ndi wopepuka, ndiye kachitseko kamafuna kutsegulidwa kowonjezera. Kumeneko madzi amawiranso asanafike 100 °C, choncho mbuzi imachedwerapo kufewa, ndipo kukuza moto sikufulumizitsa kanthu, kumangophwetsa msuzi.

Tsopano yesani ndi chakudya chenicheni. Sungunulani nsinjiro m’madzi, wiritsani, tsitsani pa mphete yamkati, musiye mphindi 10 osatakasa. Palani pansi ndi mthiko. Zikakhala zitayamba kugwira, moto wanu wotsikitsitsa ukadali waukulu kwa poto ameneyo. Mankhwala ake ndi chitsulo chafulati chokhuthala mamilimita 4 kapena 5, chodulidwa mozungulira kwa owotcherera, choika pakati pa moto ndi poto. Chigwiritseni ntchito pa moto waung’ono pokha. Ena amasamutsira poto pa mbaula ya makala okwiriridwa phulusa kuti amalizire kumeneko, ndipo ine sindiona cholakwika, gasi amapulumuka ndipo mbuzi imafewa bwino lomwe.

9. Masiku oyamba ndi kusamala kwake

Moto waukulu sudikira munthu. Anyezi wa ku Angónia amene munazolowera kumusiya pamoto n’kukatsuka mpunga, pano apserera musanabwerere. Dulani zonse, sinjani adyo ndi jinja, yezani zokometsera, ikani kapu ya madzi pafupi, kenako yatsani. Pothira zokometsera zaufa zimitsani mphete yakunja kaye, takasani masekondi ochepa, thirani tomato kapena timadzi, ndiye mukwezenso moto. Mafuta akagwira moto, tsekani gasi n’kuvundikira poto. Madzi musathire.

Msuzi wosefukira umatseka timabowo ta mphete. Mbaula ikazizira, palani ndi burashi ya waya, tsegulani timabowo ndi kawaya, itembenuzeni mugogode kuti zinyalala zigwe. Ikanyowa iumitseni pamoto kuti isachite dzimbiri. Ikakhala milungu ingapo osagwira ntchito, suzumirani mu paipi yachitsulo musanayatse, chifukwa akangaude, mphemvu ndi mavu omanga ndi dothi amakonda kukhala mmenemo, ndipo lawi lachikasu lobwera mwadzidzidzi nthawi zambiri gwero lake ndi limeneli. Jeti ikatsekeka imasuleni muiuzire, osaitokosa. Paipi ya mphira muisinthe chaka cholembedwapo chikakwana, kapena ikangoyamba kuuma ndi kuchita timing’alu, zimene kuno kotentha zimafulumira.

Kuti gasi asakuthereni karili ali pakati, gulani sikelo yopachika ngati ya ogula chimanga. Pa khosi kapena pa thupi la botija pamalembedwa tara, kulemera kwa botija yopanda kanthu. Pimani, chotsani tara, chotsalacho ndi gasi. Karili wa mbuzi wa mphindi 20 za moto wonse pa 8 kW ndi maola awiri a mphete yamkati amadya magalamu pakati pa 300 ndi 450, ndiye sikelo ikaonetsa kuti mwatsala ndi theka la kilogalamu, kasinthitseni musanadule nyama.